Nsapato, nkhuku kapena mpira: filimu yoyamba yowerenga mawu a m'munsi pabanja

Kuonera anthu a chinenero china pa kanema si zachilendo kwathu kuno. Ambirife tinakulira mu vidiyo shoo tikuchemerera Jackie Chan ndi Jet Li, amayi ndi azakhali amadziwa pamtima mayina a pa Zee World, ndipo anyamata omasulira mafilimu m'Chichewa afikitsa nkhani za ku China, ku India ndi ku Korea mpaka pa tiledingi senta ya kumudzi. Koma zonsezi zimatipeza wina atachotsa kale mawu a eni ake n'kuikapo Chingerezi, kapena atawaphimba ndi Chichewa chake chothira mchere ndi tsabola. Ntchito yeniyeni ili pokhazika banja lonse pansi, kuyambira agogo mpaka mwana wa Sitandade 4, n'kuwauza kuti lero anthu a pa kanema alankhula Chiperisiya kapena Chikoreya ndi pakamwa pawo, ife tiziwerenga ma subtitle m'munsi.

Mwayi woterewu sumabwera kawiri. Mukasankha molakwika, tsiku lina mukadzangogwira rimoti mudzamva kuti, "Achimwene, za kuwerenga zija ayi, ikani ya ku Nigeria."

Vuto lathu si lofanana ndi la banja la ku London kapena ku New York, ndipo n'chifukwa chake mindandanda ya mafilimu imene imalembedwa kumeneko imatisocheretsa. Iwo amawerenga ma subtitle m'chinenero chimene anayamwira. Ife filimu ili m'Chiperisiya, mawu a m'munsi ali m'Chingerezi, munthu akuwatembenuzanso mumtima kuti akhale Chichewa, kwinaku maso akufuna kuona nkhope ya amene akulankhulayo. Malamulo amene Netflix imapatsa olemba ma subtitle a Chingerezi amalola mizere iwiri, zilembo 42 pa mzere, ndi liwiro lofika zilembo 20 pa sekondi m'mafilimu a akuluakulu, 17 m'mafilimu a ana. Ndiye kuti mizere iwiri yodzaza ikhoza kukhala pa sikirini masekondi 4 okha n'kuzimiririka. Mwana wa Fomu 3 akwanitsa. Amalume amene Chingerezi anachisiyira ku pulayimale atsala m'mbuyo pa chiganizo chachitatu, ndipo munthu wamkulu akatsala m'mbuyo sanena, amangotulutsa foni kapena kunena kuti akukaona ngati geti latsekedwa.

Choncho posankha, maso anu akhale pa anthu awiri. Woyamba ndi amene amawerenga pang'onopang'ono kuposa onse m'nyumbamo. Wachiwiri ndi amene simungamuyang'ane kumaso pa sikirini pakatulukira zochititsa manyazi: apongozi, bambo, kapena mlongo wanu. Mphoto zimene filimuyo inapata zibwere pambuyo.

Otchuka amene ayenera kudikira

Anthu ambiri amayambira pa Parasite ya Bong Joon-ho ya mu 2019, poti ndi imene dzina lake linamveka paliponse. Inapata Palme d'Or, mphoto yaikulu ya pa chikondwerero cha mafilimu cha ku Cannes ku France, kenako ma Oscar 4 mu 2020, ndipo ndi filimu yoyamba yosalankhula Chingerezi kupata mphoto ya filimu yopambana zonse. Nkhani ya banja losauka limene limalowerera mmodzimmodzi kukagwira ntchito m'nyumba ya olemera aliyense kuno angaimve, makamaka amene anagwirapo kapena kulembapo wantchito wa m'nyumba. Koma ndi ya mphindi 132, anthu ake amalankhulana mochenjera ndiponso mofulumira, pali zochitika za mwamuna ndi mkazi pa sofa zimene simungafune kuziona apongozi ali pambali, ndipo kumapeto kuli mpeni ndi magazi pa phwando la mwana. Ioneni ndi anzanu.

The Intouchables ya ku France ya mu 2011, imene Omar Sy anapata nayo César, mphoto yaikulu ya mafilimu ya kwawoko, ndi yoseketsa ndithu, koma kuseketsa kwake kuli pakamwa, ndipo muli chamba ndi nthabwala za akazi. Amélie nayonso, ngakhale chikuto chake chikuoneka chosalakwa, ili ndi malo amene mudzalakalaka magetsi atazima.

Imene imandivuta kuikana ndi Life Is Beautiful ya Roberto Benigni ya mu 1997, chifukwa anthu ambiri amaiona ngati filimu ya banja. Bambo wachiyuda wa ku Italy atengedwa ndi mwana wake wamng'ono kupita ku msasa wa chipani cha Nazi, ndipo pofuna kumuteteza ku mantha amamunamiza kuti zonsezo ndi masewera, wofika mapointi 1,000 apata galimoto yankhondo yeniyeni. Inapata ma Oscar 3 mu 1999. Mavuto ake ndi awiri. Benigni amalankhula mothamanga kwambiri, makamaka mu theka loyamba, moti ma subtitle amangophethira. Ndipo malo amene ndi mtima wa filimuyi, pamene bamboyo akunamizira kumasulira malamulo a msilikali wa ku Germany n'kumawasandutsa malamulo a masewera, amagwira ntchito pokhapokha ngati mukuwerenga mzere uliwonse. Onjezanipo kuti woonera ayenera kudziwa kale zimene zinachitikira Ayuda pa nkhondo yachiwiri ya dziko lonse, apo ayi mudzaima pakati n'kuyamba kuphunzitsa Histole. Ikhale yachitatu kapena yachinayi.

Njira ya ku India

Iyi ndi njira imene ili ndi khomo lotsegula kale. Amayi amadziwa kale mavalidwe, maukwati ndi mikangano ya apongozi ya kumeneko, ndiye palibe amene angadabwe kuti mwatitengera kuti. Mwa onse ndingaloze Dangal ya mu 2016, imene Aamir Khan akusewera ngati Mahavir Singh Phogat, katswiri wakale wa masewera ogwetsana wa ku Haryana amene ankafuna mwana wamwamuna koma anabereka atsikana, mpaka anaganiza zophunzitsa Geeta ndi Babita masewerawo. Ndi nkhani yochokera pa zenizeni: Geeta Phogat anapatadi mendulo ya golide pa Commonwealth Games ku Delhi mu 2010. Kugwetsana sikufuna womasulira, ndipo filimuyi imasiya mkangano wokoma m'nyumba, wakuti bamboyu anali wachikondi kapena wankhanza podzutsa ana 5 koloko m'mawa ndi kuwameta tsitsi mowakakamiza.

Cholemetsa ndi kutalika. Dangal ndi ya mphindi 161. Kuwerenga Chingerezi maola awiri ndi mphindi 40 mutadya kale nsima yamadzulo ndi chintchito, ndipo ngakhale nyimbo, zimene mukanapumirapo, nazonso zili ndi mawu ake m'munsi. Mwayi wake ndi wakuti mafilimu a ku India amakonzedwa ndi malo opumira pakati, ndiye mukhoza kuidula masiku awiri popanda kuwononga nkhani. Taare Zameen Par ya mu 2007, ya mwana amene zilembo zimamusokonekera powerenga ndipo aliyense amamuyesa waulesi, ndi yabwino m'nyumba ya aphunzitsi, koma nayonso imadutsa maola awiri ndi theka. 3 Idiots ya mu 2009 achinyamata amaikonda, komabe muli wophunzira wodzipha, muli anyamata ovulitsidwa mathalauza, ndipo nthabwala yake yotchuka kwambiri ili pa kusinthanitsa mawu a Chihindi, chinthu chimene m'munsimo chimafika chitazizira.

Mpira ndi zibakera

Ngati m'nyumba mwanu mwachuluka anyamata amene sangakhale pansi mphindi 10 popanda wina kumenyedwa, Shaolin Soccer ya Stephen Chow ya mu 2001 ikupulumutsani. Anyamata amene anaphunzira kung fu limodzi, kenako moyo n'kuwabalalitsa m'maganyu osalongosoka, asonkhanitsidwa ndi wosewera mpira wakale wopunduka mwendo kuti apange timu. Wosawerenga konse aiseka mofanana ndi wowerenga. Chenjerani kuti ilipo ya mitundu iwiri: ya ku Hong Kong ya m'Chikantoni, ndi ina yofupikitsidwa imene inakonzedwera msika wa ku America. Funani yoyambayo.

Chimene sindiiikira patsogolo n'chakuti sitsegula khomo latsopano. Banja lidzaseka, koma lidzatuluka likuganizabe kuti filimu ya kunja ndi ya makofi ndi zouluka, zimene linkadziwa kale, ndipo n'kutheka kuti anyamatawo anaionera kale ya m'Chichewa. Ip Man ya mu 2008 ya Donnie Yen ili ndi nkhani yolemererapo, ya mzinda wa Foshan utalandidwa ndi asilikali a ku Japan, koma mafupa amathyoka momveka, si ya ana aang'ono.

Makatuni a ku Japan

My Neighbor Totoro ya Hayao Miyazaki ya mu 1988 ndi ya mphindi 86, mawu ake ndi ochepa ndiponso osavuta, mulibe mdani, mulibe nkhondo. Atsikana awiri asamukira kumudzi ndi bambo awo kuti akhale pafupi ndi chipatala chimene amayi awo agonekedwa, n'kukumana ndi chinyama chachikulu chofatsa cha m'nkhalango. Kuyambira 2020 mafilimu a Studio Ghibli, kampani imene inapanga filimuyi, anaikidwa pa Netflix m'mayiko ambiri, ndiye kuipeza sikuvuta monga ena amene nditchule m'munsimu.

Zinthu zitatu zoti mudziwiretu. Akuluakulu athu ambiri akaona katuni amati ndi za ana n'kunyamuka. Ana nawo akazindikira kuti pali batani losinthira mawu kukhala Chingerezi adzakufunsani chifukwa chimene mukuwavutitsira, ndipo yankho labwino mulibe. Chachitatu, muli malo amene bambo akusamba m'bafa limodzi ndi ana ake aakaziwo. Ku Japan ndi chizolowezi wamba ndipo filimuyi ikuonetsa mosalakwa konse, koma pamwambo wathu m'chipindamo mudzagwa chete wa mtundu wina. Spirited Away ya mu 2001, imene inapata Oscar mu 2003, ndi yokongola koposa, koma makolo amasanduka nkhumba pa chiyambi pomwe ndipo mizimu ili ponseponse. M'nyumba ya anthu olimbikira kupemphera mudzathera nthawi pa kudziteteza.

Pali kafilimu kena koyesera madzi, The Red Balloon ka Albert Lamorisse ka mu 1956. Ndi ka mphindi 34, ka mnyamata wa ku Paris amene chibaluni chofiira chimamutsatira paliponse, ndipo mawu olankhulidwa mungawawerenge pa zala. Chodabwitsa n'chakuti kanapata Oscar ya nkhani yolembedwa bwino. Kwa ana a zaka 5 kapena 6 ndi poyambira pabwino, koma musadzinamize kuti banja laphunzira kuwerenga ma subtitle, poti simunali choti liwerenge.

Ziwiri zimene zikulimbiranadi

Apa ndiye pali nkhani. Mafilimu awiriwa onse safika ola limodzi ndi theka, onse ndi a ana koma osakhala achibwana, onse mulibe chimene chingakuweramitseni mutu, ndipo onse nkhani yake yamangidwa pa zinthu zooneka ndi maso.

Children of Heaven ndi ya Majid Majidi wa ku Iran, ya mu 1997. Ali, mnyamata wa m'dera la anthu osauka mumzinda wa Tehran, watumidwa kukasoketsa nsapato za pinki za mlongo wake Zahra. Pobwerera aima pa okala kugula mbatatesi ya ngongole, aika jumbo ya nsapatoyo pakati pa mabokosi, ndipo wotola zinyalala aitenga osadziwa. Kunyumba kuli ngongole ya lendi, amayi akudwala, ndiye anawo agwirizana kuti makolo asadziwe. Njira yawo ndi iyi: Zahra amaphunzira m'mawa, Ali masana, choncho nsapato za Ali zizigwira ntchito kawiri. Zahra akaweruka amathamanga kukakumana ndi mchimwene wake m'kanjira, avula, Ali avala, n'kuliyatsa liwiro la kusukulu kumene ahedi akumudikira ndi mafunso a kuchedwa.

Taonani mmene nkhaniyi yapepukira kwa wosawerenga. Agogo akangouzidwa chiganizo chimodzi, chakuti mwanayu wataya nsapato za mlongo wake ndipo akuopa kuuza bambo, zotsalazo aziona okha: nsapato ikugwera mu ngalande n'kumakokoloka ndi madzi, maso a Zahra akuyendayenda pa mapazi a atsikana anzake pa mzere wa kusukulu, tsiku limene aziona nsapato zake zili ku mapazi a mwana wina. Pamenepo pali malo amene ndimawaona kuti ndi opambana mu filimu yonse. Awiriwa amutsatira mtsikanayo mpaka kwawo kuti akalande zawo, n'kupeza kuti bambo ake ndi akhungu. Ayang'anana, abwerera. Palibe mawu oti muwerenge, ndipo aliyense m'chipindamo amva.

Ndiye kumapeto kuli mpikisano wothamanga wa ana a sukulu umene mphoto yachitatu ndi nsapato. Ali sakufuna kukhala woyamba, akufuna kukhala wachitatu, ndipo aliyense amene anathamangapo akudziwa kuti kukhala wachitatu mwadala pakati pa chigulu cha ana n'kovuta kuposa kupambana. Anyamata aja ofuna zibakera apa adzaimirira n'kumakuwa. Mathero sindikuuzani.

Zofooka zake zilipo. Pali malo amodzi amene anawo akukambirana polemberana m'kope makolo ali pompo, ndipo pamenepo wina ayenera kuwawerengera agogo mokweza, apo ayi pangano la anawo liwadutsa. Chigawo chimene Ali ndi bambo ake akupalasa njinga kupita kudera la olemera kumpoto kwa Tehran kukasaka ganyu ya m'maluwa chimatalikirako pang'ono, ngakhale kuti kuona bambo wolusa kunyumba akusowa chonena pa belu la geti la olemera kumaseketsa ndiponso kumapweteka. Filimuyi inali yoyamba ya ku Iran kufika pa mndandanda womaliza wa Oscar, ndipo imene inaigonjetsa mu 1999 ndi Life Is Beautiful ija. Pa ntchito imene tikukambiranayi ine ndikanapereka mphotoyo mosemphanitsa.

The Way Home ndi ya ku South Korea, ya mu 2002, yokonzedwa ndi mayi wotchedwa Lee Jeong-hyang, ndipo inapata mphoto ya Grand Bell ya filimu yopambana kwawoko. Sang-woo, mwana wa zaka 7 wa mumzinda wa Seoul, wasiyidwa ndi amayi ake kwa agogo ake akumudzi wa kumapiri pamene iwo akukasaka ntchito. Agogowo ndi osalankhula, opindika msana, osadziwa kulemba. Mwanayo wabwera ndi gemu yake ya mabatire, zakumwa zake ndi nyama yake ya m'chitini, ndipo chilichonse cha agogowo akuchinyansidwa. Amene anasewera ngati agogowo, Kim Eul-boon, sanali wa zisudzo, anali mayi wa kumudzi komweko.

Pa nkhani ya kuwerenga iyi ndiye yopepuka kuposa onse, chifukwa mmodzi mwa anthu awiri akuluakulu a mu filimuyi satulutsa liwu ngakhale limodzi. Ndipo nkhani yake ndi yathu yomwe: mwana wa m'tauni wotumizidwa kumudzi pa holide. Pali malo amene mwanayo akulirira nkhuku yokazinga ya ku Kentucky, akufotokoza ndi manja. Agogo amva kuti nkhuku, anyamula zokolola zawo kukasinthanitsa, abwerera pa mvula ndi nkhuku yamoyo, aipha, aiwiritsa m'madzi. Mwanayo aiona n'kuyamba kulira kuti si imeneyi. Palibe nyumba ya kuno imene singaseke pamenepo, ndipo ena adzaloza mwana wina amene ali pa mkeka pompo.

Koma mwanayu ndi wamwano zedi. Amatukwana agogo ake, amawabera chomangira tsitsi kuti akagule mabatire, amawatayira nsapato mpaka iwo kuyenda osavala pa miyala. Agogowo sabwezera, amangosisita pachifuwa pawo ndi dzanja kusonyeza kupepesa. Makolo athu izi sazipirira msanga. Yembekezerani kumva kuti, "Akanakhala wanga ameneyu, bwenzi pano atadziwa." Kusintha kwa mwanayo kumabwera mochedwa ndiponso mwakachetechete, m'zinthu zazing'ono monga kulowetsa ulusi m'masingano kuti agogo asadzavutike iye akapita, ndipo filimuyi ilibe chigawo chothamangitsa magazi chonga mpikisano wa Ali uja. Ngati m'nyumba muli agogo ndi adzukulu a m'tauni, ndi imeneyi. Ngati muli anthu a misinkhu yonse ndipo ena ndi osapirira, tengani Children of Heaven. Mutandipanikiza kuti nditchule imodzi ndisanaione nyumba yanu, ndinena ya ku Iran.

Nanga za kuno ku Africa?

Timaiwala kuti filimu ya chinenero chachilendo siyenera kuchokera kutsidya la nyanja. Yaaba ya Idrissa Ouedraogo wa ku Burkina Faso, ya mu 1989, ili m'chinenero cha Mooré ndipo inapata mphoto ya olemba za mafilimu ku Cannes chaka chomwecho. Mnyamata Bila apalana ubwenzi ndi Sana, mayi wokalamba amene mudzi wonse umamutcha mfiti ndi kumukankhira mlandu wa tsoka lililonse. Msuweni wa Bila, Nopoko, atadwala chifukwa chochekedwa ndi mpeni wadzimbiri, amene akupita kukasaka sing'anga ndi mayi yemweyo. Mawu ake ndi ochepa, mudzi wake ukuoneka ngati wa kwathu, ndipo nkhani ya okalamba onamiziridwa ufiti sitikuimva kwa ena, timaiwerenga m'nyuzi zathu zomwe. Muli kankhani kena ka m'mbali ka mwamuna chidakwa ndi mkazi wake wa chibwenzi, kosapitirira malire koma koti mukadziwe. Chovuta chachikulu ndi kuipeza yooneka bwino ndiponso ya ma subtitle a Chingerezi, chifukwa makope ambiri amene amayendayenda ali ndi a Chifalansa.

Supa Modo ya Likarion Wainaina wa ku Kenya, ya mu 2018, ndi yaifupi, mphindi 74, ndipo Chiswahili chake makutu athu amatolamo mawu apa ndi apo, zimene zimalimbitsa mtima wowerenga pang'onopang'ono. Jo, mtsikana wa zaka 9 wodwala matenda osachiritsika, amakonda mafilimu a ngwazi zouluka, ndipo mchemwali wake anyengerera mudzi wonse kuti uzinamizira kuti mwanayo ali ndi mphamvu zodabwitsa. Muli ngakhale mnyamata wa vidiyo shoo wofotokozera mafilimu pa maikolofoni, munthu amene tonse tikumudziwa. Ndi yokoma, koma musaiike m'nyumba imene mwagwa maliro a mwana posachedwa kapena muli wodwala.

Tikadali pompa, kumbukirani kuti The Boy Who Harnessed the Wind ya Chiwetel Ejiofor ya mu 2019, ya William Kamkwamba wa ku Wimbe ku Kasungu, anthu a mayiko ena anaionera akuwerenga m'munsi pamene ife tinkamva ndi makutu, kwinaku tikuseka katchulidwe ka Chichewa ka osewera ena. Ngati wina m'nyumba akukana kuti sangaonere filimu yowerenga, mukumbutseni kuti azungu anawerenga yathu.

Tsiku loonera

Filimu yabwino imatha kufa chifukwa cha zinthu zazing'ono. Ioneni nokha kaye, yonse, osati chiyambi chokha. Mndandanda wa mafilimu pa Netflix ndi anzake umasintha malinga ndi dziko ndi nyengo, ndiye fufuzani kuti ilipo musanalonjeze anthu, ndipo ngati intaneti yanu ndi ya bandulo, itsitsireni pasadakhale. Ngati ili pa fulashi ndipo ma subtitle ali pa fayilo yapadera ya srt, fayiloyo ikhale ndi dzina lofanana ndi la filimuyo ndiponso ikhale mu foda imodzi, apo ayi TV siiona. Yesani pa TV imene mudzaonerepo, chifukwa ma TV ena amaonetsa tizilembo tating'ono toyera timene timasowa chithunzi chikawala. Zikatero lumikizani laputopu, pa pulogalamu yoonetsera mafilimu ya VLC mukhoza kukulitsa zilembo ndi kukonza ngati mawu akutsogola kapena kutsalira. Pamene pali kusankha, tengani English wamba, osati yolembedwa CC kapena SDH, imene imalembanso kulira kwa chitseko ndi kwa galu n'kuchulukitsa zowerenga. Ma subtitle omasuliridwa ndi makina pa YouTube asiyeni, amasokoneza ngakhale wodziwa Chingerezi.

Lamlungu masana ndi bwino kuposa usiku anthu atakhuta. Wowerenga mwachangu mmodzi, makamaka mdzukulu, akhale pafupi ndi agogo n'kumawanong'oneza zofunika zokha, osati mzere uliwonse, ndipo akhale mmodzi, chifukwa omasulira akachuluka pamabuka mkangano wa amene wamva bwino. Osaimitsaimitsa filimu kuti mufotokoze. Osayambanso ndi ulaliki wakuti iyi ndi filimu yapamwamba imene inapata mphoto zakutizakuti. Anthu akamva choncho amakonzekera kutopa. Ingonenani kuti ndi ya mwana amene wataya nsapato za mlongo wake.

Zikayenda bwino, yachiwiri ikhoza kukhala ndi mawu ochulukirapo. Wadjda ya Haifaa al-Mansour ya mu 2012 ndi ya mtsikana wa ku Riyadh amene akufuna njinga yobiriwira ya mariyali 800 m'dziko limene atsikana sankayembekezeredwa kupalasa, ndipo alowa mpikisano woloweza Korani kuti apeze ndalamazo. Ndi filimu yoyamba yaitali kujambulidwa yonse mu Saudi Arabia, ndipo Haifaa, amene ndi mayi, zigawo zina za mumsewu ankazitsogolera ali m'galimoto kudzera pa wailesi ya m'manja, poti sakanatha kuima poyera pakati pa amuna. Muli nkhani ya bambo wofuna kutenga mkazi wachiwiri, imene amayi sadzafuna womasulira kuti aimve. M'nyumba ya anthu a kwaya tengani Les Choristes ya ku France ya mu 2004, ya mphunzitsi amene aweta anyamata ovuta a sukulu yogonera komweko powaphunzitsa kuimba. Nyimbo zake zimapatsa maso mpata wopuma. Bicycle Thieves ya Vittorio De Sica ya mu 1948, ya bambo wa ku Rome amene mkazi wake apereka nsalu zoyala pabedi ngati chikole kuti awombole njinga yogwirira ntchito, njingayo n'kubedwa tsiku loyamba lomwe, aliyense amene ali ndi m'bale wa kabaza adzaimva mpaka m'mafupa. Koma zithunzi zake ndi zakuda ndi zoyera basi, ndipo mathero ake satonthoza, ndiye isungeni mpaka tsiku limene wina m'nyumbamo adzayambe yekha kufunsa ngati muli ndi ina yowerenga.